Fayilo Yokana Kufufutidwa

Nkhani iyi si ya pamowa, ndipo amene anandiuza sanailote. Inachitika Loweruka lina mu Okutobala 2022, kuyambira masana dzuwa likuswa mtengo, m'kaofesi ka kuseri kwa shopu ya matayala ku Chikanga. Anaona ndi maso anthu awiri: Fanuel, katswiri wa makompyuta wa pa kampani ina ya matabwa muno mu Mutare, ndi Joyleen, mlembi wa bungwe la ana a anthu a m'mafamu ndi m'migodi. Onsewa ali moyo, mukhoza kukawafunsa. Joyleen ndi mayi wa mvano, sanama ngakhale za zaka zake.

Bungwelo limathandiza anthu amene makolo awo anachokera ku Malawi kuti apeze zitupa. Mafamu atalandidwa anthu anabalalika, matilanki ali pamutu, ndipo mapepala awo akale, zitupa za ntchito, makadi a ubatizo, makadi a sikelo, anathera m'makatoni a muofesimo. Joyleen anatha zaka ziwiri akuwajambula limodzilimodzi mpaka mafayilo anakwana 9,214. Nambala imeneyi ankaidziwa ngati tsiku lake lobadwa. Chinatsala n'kuika pa seva, kompyuta yosungira mafayilo onsewo, pulogalamu ija imalola anthu a ku Penhalonga, ku Dangamvura ndi kwina kutsegula mafayilo omwewo, kufufuza dzina ndi kulemberana pomwepo.

Fanuel anadzipereka yekha pa ntchitoyi, koma musati n'chifundo chokha. Iye chitupa chake anachipezera mbali ya bambo ake, pamene amayi ake, a Malita, anafika zaka 61 alibe pepala lililonse. Anabadwira pa famu ya fodya ku Odzi, makolo n'kumwalira iwo asanadziwe kusamba okha, ndipo anakulira m'manja mwa anthu ena pa famu ina. Za bambo awo ankadziwa ziwiri basi: ankasonkha moto m'mabalani a fodya, ndipo anthu ankawatchula kuti aPhiri. Koma aPhiri m'mafamu, abale inu! Mukaponya mwala pa komboni mugenda aPhiri atatu. Katatu konse a Malita anaima pa mzere wa zitupa, katatu konse anabwezedwa chifukwa cha chinthu chimodzi: dzina lonse la bambo, ndi pepala lolitchula. Tsopano olembera zitupa oyendayenda ankabwera Lolemba ku Dangamvura, kumene a Malita amakhala.

"Ulendo uno ndi womaliza," a Malita anamuuza mwana wawo. "Akandibwezanso, basi. Ndidzafa choncho, munthu wosalembedwa."

Mawuwo anamulasa Fanuel mumtima. Anatsimikiza kuti seva iyende Lolemba lisanafike, ndiye afufuze aPhiri onse mmodzimmodzi mpaka awapeze agogo akewo.

Seva inali imodzi, yakale, yochita kupatsidwa. Fanuel sanaike pulogalamuyo pa makina enieniwo. Anapanga viyemu, kompyuta ya m'kati mwa kompyuta inzake: ili ndi disiki yakeyake ndi memore yakeyake, koma simungaigwire ndi manja. Ubwino wake ndi wakuti mumaijambula sinapushoti, ndiye zinthu zikasokonekera mumangoibweza mmene inalili pa nthawi yojambulayo, zonse za pambuyo pake n'kufafanizika.

Ntchito inamuvuta monga imavutira aliyense. Pulogalamu inakana kulowa, ati memore yachepa, anaiwonjezera. Inakananso kulankhulana ndi databesi, nkhokwe ya mafayilo, ati akaunti ilibe chilolezo, anakonza. Kenako wotchi ya viyemu inatsalira mphindi khumi ndi ziwiri, mapasiwedi onse n'kuyamba kukanidwa, Fanuel n'kutukwana m'Chishona, Joyleen n'kumudzudzula m'Chinyanja. Cha m'ma 3 koloko tsamba loyamba linatseguka bwinobwino, loyera, lopanda fayilo ndi imodzi yomwe. Anajambula sinapushoti pomwepo. Atatero analumikiza disiki ya Joyleen, nakopera mafayilo onse, nalamula pulogalamu kuti iwawerenge ndi kupanga mndandanda wofufuzira mayina.

Nambala inathamanga bwino, zikwi ziwiri, zikwi zisanu, zikwi zisanu ndi zitatu. Itatsala fayilo imodzi kuti imalize, inaima njii. Ndipo pulogalamu imeneyi ikapanda kumaliza, malo ofufuzira satseguka.

"Achemwali, mwati mafayilo anu ndi angati?" Fanuel anafunsa.

"9,214."

"Pano pakuti 9,215."

"Ndiye makina anuwo sadziwa kuwerenga."

Fayilo yowonjezerayo inalibe dzina, inalibe deti, ndipo kachithunzi kake kanali kakuda bii. Fanuel anaziona zambiri zotere. Anati ndi yowonongeka, naifufuta, nayambitsanso kuwerenga. Nambala inathamanganso mpaka pomwe paja, niimanso. Fayilo ija inali pamalo pake.

Mantha analibe. Mkwiyo ndiwo unamukwera, chifukwa nthawi inkapita ndipo amayi anali atachapa kale diresi lawo la Lolemba. Anabweza viyemu ku sinapushoti ija, ya nthawi imene tsamba linali loyera. Anadikira makina adzuke, nalowetsa pasiwedi.

Pa tsamba panali fayilo imodzi. Yakuda.

Nthawi yomweyo magetsi anazima. Makina opopera matayala kutsogolo kuja anati zii, ndipo muofesi munatsala kulira kwa fani ya seva ndi ka inveta ka pakona, kopatsa seva magetsi a batire, kakuti pii, kenako chete, kenako pii. Batire lake linkatha mphindi makumi anayi basi. Dzuwa linali litatsamira kuseri kwa mapiri, m'chipindamo mukuyamba kachisisira.

Fanuel anazula disiki ya Joyleen n'kuiika m'thumba la malaya. Anazimitsa netiweki ya viyemu, nazula kebulo kumbuyo kwa seva. Tsopano viyemuyo inali ngati nyumba yopanda khomo ndi zenera. Anafufutanso fayilo ija, nabwezanso sinapushoti.

Makina anadzuka. Fayilo imodzi.

"Achimwene," Joyleen ananong'ona, "mukumva fungo?"

Analimva. Silinali fungo la waya wopsa, kapena la matayala. Linali la fodya wamuwisi akamaumira pa moto, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za mtengo wa msasa. Joyleen anakulira pa famu, sakanalisokoneza ndi lina. Mpweya wotentha unawawomba kumsana, monga umachitira munthu akatsegula chitseko cha balani.

Chitseko cha ofesi chinali chotseka.

Kenako wina anatsokomola. Kawiri, motsitsa, cha kukhomo. Sikunali kutsokomola kwa wodwala. Kunali kuja kwa munthu wamkulu amene waima pakhomo la eni, safuna kugogoda, akungofuna mudziwe kuti alipo.

Fanuel thupi lonse linachita tsembwe. Sanacheuke. Dzanja lake linali pa mausi, ndipo zoona zake ankafuna kufufutanso, poti n'zokhazo zimene ankadziwa kuchita.

"Mwawathamangitsa katatu," anatero Joyleen. "Mwawafunsa chimene adzera?"

"Ndi fayilo yowonongeka, achemwali."

"Inuyo mwaitsegula?"

Sanaitsegule. Tsiku lonse lija katswiri wathuyu ankalimbana ndi fayilo imene sanaiyang'ane n'komwe m'kati.

Joyleen anaimirira pang'onopang'ono. Anakoka mpando wa pulasitiki umene unali kukhoma, naupukuta ndi nsonga ya chitenje, nauika pambali pa Fanuel. Anawomba m'manja mwaulemu, maso ali pansi.

"Fikani, bambo," anatero.

Mpando unalira, kwee.

Inveta inati pii.

Fanuel anatsegula fayilo.

Poyamba panali mdima wokhawokha. Kenako chithunzi chinayamba kutsika, mzere umodziumodzi, kuchokera pamwamba. Linali tsamba la buku la mizere, m'mbali mwake mopserera, lolembedwa ndi inki ya buluu. Pamutu pake panali dzina la famu ya ku Odzi ija, ndi mawu osonyeza kuti ndi buku la kachipatala ka pa famupo, lolembamo ana obadwa. Mizere yambiri inali itadyeka ndi utsi. Umodzi wokha unkawerengeka bwino, ndipo Fanuel anauwerenga mokweza.

"14 Juni 1961. Mwana wamkazi, Malita. Bambo, Layisoni Kamtedza Phiri, wa ku Dedza, wa m'mabalani. Mayi, Esinati."

"A Malita ndi ambiri," Joyleen ananong'ona. "Werengani kumapetoko."

Kumapeto kwa mzerewo namwino analembako pang'ono: mwanayu wabadwa ndi chala chachisanu ndi chimodzi ku dzanja lamanzere, tachimanga ndi ulusi.

Fanuel anagwira pakamwa. Pambali pa kachala kakang'ono ka amayi ake, ku dzanja lamanzere, pali kachotupa konga njere ya mapira. Ali mwana ankakaseweretsa m'tchalitchi ulaliki ukatalika, amayi n'kumumenya kadzanja. Misozi inangoti mbwee, osaipukuta.

"Tsamba ili sindinalijambule ine," anatero Joyleen. "Kachipatala kameneko kanapsa mu 2001, mabuku ali momwemo. Anthu a pa famuyo anandiuza okha. Pepala lochokera kumeneko sindinaligwirepo ndi limodzi lomwe."

Inveta inayamba kulira mofulumira. Fanuel anayesa kukopera fayiloyo, inakana. Joyleen anatulutsa foni n'kujambula sikirini, koma pa chithunzicho panangooneka galasi lakuda ndi nkhope zawo ziwiri. Pepala lapafupi panalibe. Fanuel anatola cholembera nalemba pa mkono wake, zilembo zikuluzikulu: LAYISONI KAMTEDZA.

Atangomaliza chilembo chotsiriza, seva inazima.

Phee.

Mpando unaliranso, monga umalirira munthu akamanyamuka. Kutentha kuja kunachoka. Fungo linatsalira pang'ono, kenako nalo linatha. Kunja nkhululu zinali zitayamba, ndipo kumsewu woitanira kombi, minibasi za kuno, ankakuwa kuti, "Tauni, tauni, mmodzi yekha!"

"Pitani bwino, agogo," Fanuel anatero. Akuti mawuwo anangotuluka okha.

Mmawa wa Lamulungu magetsi anabwera. Fanuel anayatsa seva, napeza tsamba loyera, lopanda kanthu. Anakoperanso mafayilo, pulogalamu n'kuwawerenga onse mosadodoma, 9,214 ndendende. Malo ofufuzira anatseguka. Analemba kuti Kamtedza, koma sipanatuluke kalikonse. Mtima wake unagwa, pakuti dzina la pa mkono si pepala, ndipo olembera zitupa salandira nkhani za mizimu.

Joyleen ndiye sanataye mtima. Pansi pa tebulo panali makatoni asanu ndi awiri amene anali asanawajambule, ochokera m'tilanki ya gulu lina la maliro la ku Penhalonga. Anali odzaza zitupa za ntchito za anthu omwalira kalekale, zimene anzawo ankasunga poganiza kuti tsiku lina abale adzabwera kuchokera kumudzi kudzafunsa. Popanda dzina, munthu akanazifufuza chaka chathunthu osadziwa chimene akufuna. Tsiku limenelo mayi wa mvano anajomba kutchalitchi. Anakhala pansi awiriwo, fumbi lili m'mphuno, akutembenuza zitupa zonunkha nkhungu.

Cha m'ma 4 koloko, mu katoni yachisanu, Joyleen anapeza zitupa ziwiri zomatirirana. Anazilekanitsa ndi mpeni wa buledi, mosamala. Chapansicho chinali ndi chithunzi cha mwamuna wowonda, wa makutu otambalala ngati a Fanuel. Layisoni Kamtedza Phiri, Dedza. Kuseri kwake, pa malo olemba a m'banja, panali mayina awiri: Esinati, mkazi, Malita, mwana, 1961.

Fanuel anakwera kombi ya ku Dangamvura chitupacho chili m'kati mwa malaya, dzanja lili pachifuwa njira yonse. Atafika, a Malita anachilandira ndi manja awiri. Kuwerenga sadziwa, koma chithunzicho anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anauza mwana wawo kuti awatchulire dzinalo, awatchulirenso, mpaka analigwira.

Seva ija ikugwira ntchito mpaka lero, ndipo yathandiza anthu ambiri. Fanuel anafufuza m'malogi onse, momwe seva imalemba zonse zochitika, mzere ndi mzere, nafunsa anzake a ntchito yomweyo. Palibe paliponse pamene pakusonyeza kuti fayilo ya nambala 9,215 inakhalapo. Mukamufunsa amangokweza mapewa. Joyleen mukamufunsa amati iye anangopereka mpando.

Lolemba a Malita anafika pa mzere kusanache bwino, atavala diresi lija, Fanuel ali pambuyo pawo. Dzuwa linawapsereza mpaka cha m'ma 11. Atafika pa tebulo, mlembi wa zitupa, mayi wotopa wa magalasi, anatenga chitupa chakalecho, nachitembenuza, nayang'ana kuseri, naitana mnzake kuti aonenso. Anagwedezerana mitu. Mlembiyo anakoka fomu natsegula cholembera.

"Dzina la bambo anu, gogo?"

A Malita anawongola msana.

"Layisoni Kamtedza Phiri," anatero, mokweza moti a pa mzere anacheuka. Anapuma pang'ono, nabwereza motsitsa: "Layisoni Kamtedza Phiri."

"Ndamva, gogo," anatero mlembi uku akulemba. "Kamodzi n'kokwanira."

"Kachiwiriko si kanu, mwanangu," anayankha a Malita.