Mtovu wa Bernabé

Felizarda sanali munthu woiwala pamene waika chinthu. Madzulo anasankha timitovu ting'onoting'ono, tosalala, tija tokhala ndi kamtanda kojambulidwa ndi mpeni, natiika pamwamba m'bakuli. Kutacha tinali titasowa. Mitovu ina yonse inalipo, ikuluikulu ija yonga chala, koma ta kamtanda tokha tinali titachoka, chitseko chili chotseka ndi mpiringidzo wake.

Chaka chimenecho madzi a nyanja ya Cahora Bassa anathawira kutali, nasiya matope ong'ambika pamene kale panali madooko a asodzi. Pansi pa matopewo panagona mtovu wa maukonde ndi wa mbedza, umene unkaduka n'kumira kuyambira kalekale. Mwamuna wake, Gaudêncio, poyamba ankagwira ntchito yofukula mabomba okwirira. Ntchitoyo itatha anatsala ndi makina akale ofufuzira chitsulo pansi, amene anthu a pa Chicoa ankangowatchula kuti ndodo yolira. Tsopano usiku ankachezera pa bwato lopha nsomba za kapenta, masana n'kumagona ngati chipika, choncho ndodoyo inagwera mkazi. Felizarda ankayenda nayo pa dzuwa lowotcha lija, mwana wake Zito kumbuyo, mimba ina kutsogolo, n'kumakumba paliponse pamene yalira. Mtovuwo ankagulitsa kwa anthu ousungunula, opangira maukonde atsopano.

"Ikalira, kumba," anamuphunzitsa mwamuna wake. "Ukachotsa chinthucho, dutsitsanso ndodo pa dzenjepo. Ikakhala chete, bwereza. Anzanga amene ankakhulupirira chete woyamba akuyendera mwendo umodzi."

Kamtovu kamodzi kanali katatsalira pa mfundo ya nsalu yake. Anakaonetsa Tomásia, mnansi wake woyanika nsomba, amene anamunyamula Zito pa ubatizo, ndiye chifukwa chake ankaitanana kumadre. Tomásia anakayang'ana osakakhudza.

"Kumadre, wakatenga kuti?"

"Ku zitsa za tsanya kuja, kumene kunali dooko lakale."

"Mayo ine! Wa Bernabé umenewo. Kamtanda kanali chizindikiro chake. Ukonde wake womwe unamukola mwendo n'kumukokera pansi, mpaka lero thupi lake silinayandame."

"Ndiye akufuna mtovu wachiyani? Akuwedza kumanda?"

"Manda ake ati? Seka, seka. Munthu wosaikidwa alibe kogona, amangoyenda."

Felizarda anaseka ndithu, koma nyumba idya chiyani? Mawa lake anabwereranso ku zitsa zija, poti ndi kumene ndodo inkalira kwambiri.

Masiku amenewo anali akumuletsa Zito kuyamwa, chifukwa mkaka wa mayi wapakati amati umadwalitsa mwana. Anapaka khonje ku mabere, ndipo usiku ankamugoneka pa mphasa yakeyake kuseri kwa matumba a makala, kuti asamve fungo la amake. Agogo oti n'kumutengako panalibe. Masiku oyamba mwanayo ankalira mpaka mawu kutha. Kenaka anangosiya, ndipo Felizarda anathokoza Mulungu.

Usiku wina anadzidzimuka osadziwa chimene chamudzutsa. Mdima unali wa ndiweyani, kutentha kwa malata kusanathe, ndipo kutali kunkamveka kung'ung'udza kwa injini za mabwato. Kenaka pansi, pafupi ndi khoma, panamveka chinthu chikukwekwereza thupi pang'onopang'ono, chikuima, chikukwekwerezanso. Bakuli linalira: khe. Panapita nthawi. Khe. Ndiye panabwera phokoso lina, phokoso lonyowa, la pakamwa podzadza madzi, ngati munthu amene akumeza koma sakufuna.

"Zito?" ananong'ona.

Zonse zinati zii. Atapeza mphamvu yofufuza tochi pansi pa nsalu n'kuyatsa, m'nyumba munalibe kanthu. Mwana anali pa mphasa yake chagada, maso ali tong'o, akuyang'ana ku chitseko. M'mawa timitovu ta kamtanda tinali titachepanso.

"Makoswe amenewo," anatero Gaudêncio akuvula malaya onunkha nsomba.

"Bambo a Zito, khoswe wa kwanu amadya mtovu?"

"Make Zito, ndachezera chiimirire. Ndisiye ndigone."

Phokosolo linabweranso usiku wotsatira, ndi winanso. Felizarda anayesa kudikira ali maso, koma thupi loyenda tsiku lonse pa matope lili ndi malamulo ake. Ankangozindikira kunja kwayera. Ndipo Zito anayamba kusintha. Mwana amene ankathamangitsa abakha anasiya kuyenda, n'kumangokhala pansi mutu uli wolendewera. Phala la malambe ankalitaya. Kuchimbudzi osapita, mimba gwa, milomo yoyera ngati phulusa. Ku chipatala chaching'ono cha pa msika anamuyeza malungo, sanawapeze, anamupatsa mankhwala oziziritsa thupi.

Ku thandala la nsomba nkhani inali itafala kale. Ena amati usiku amaona munthu wonyowa ataima kuseri kwa nyumba ya Gaudêncio. Ena amati agalu a mbali imeneyo asiya kuuwa. Mayi wina anamunyamula Zito, namutsitsa msanga n'kupukuta manja pa nsalu.

"Mwana akuonda koma akulemera," ananong'oneza mnzake. "Akumukokera pansi."

Felizarda anamva. Madzulo amenewo anatenga bakuli lonse ndi ufa wa mapira pang'ono, napita ndi Tomásia ku zitsa za tsanya. Anakhuthulira mtovu m'dzenje, anathira ufa, nakwirira ndi manja.

"A Bernabé, katundu wanu uyu," anatero Tomásia. "Mtsikanayu ndi njala chabe, si mwano. Musiyeni mwana."

Usiku umenewo bakuli silinalire. Koma mwana sanachire. Anayamba kusanza, ndipo nthawi zina maso ake ankatembenuka, manja n'kumanjenjemera, kenaka n'kugona tulo tosadzutsika. M'mawa wina, pokutumula mphasa yake, Felizarda anamva kanthu kakugwa pansi. Kanali kamtovu ka kamtanda, konyowa.

Tomásia atakaona anagwira pakamwa. "Wabweza. Ndiye kuti sunabweze zonse, kumadre. Akufuna zonse."

Mawu amenewo anamuzungulira m'mutu tsiku lonse. Tija tinasowa usiku tinapita kuti? Ngati kamodzi kapezeka m'nyumba, tinanso tili m'nyumba momwemo, kaya m'una wa khoswe, kaya m'ming'alu ya pansi. Akatipeza tonse n'kukatikwirira, mwina munthuyo achoka. Masana sakanatha, anthu akanadzadza pa khomo kudzaonerera. Anadikira mpaka Gaudêncio atapita ku bwato ndipo mawailesi a anansi atazima.

Anayatsa ndodo, naiyesa pa supuni monga mwa nthawi zonse. Inalira. Anayamba ku chitseko, akuyendetsa mbale yake pang'onopang'ono, chala chimodzi pamwamba pa dothi, kumanja, kumanzere. Pa ngodya inalira, anakumba ndi mpeni: msomali. Pafupi ndi mtsuko inaliranso: kandalama kakale kadzimbiri. Msana unkamupweteka, mwana wa m'mimba ankaponda, thukuta likulowa m'maso. Anasuntha matumba a makala, nafika pa mphasa ya Zito.

Apo ndodo inakuwa.

Sikunali kulira kwa msomali. Kunali kulira kuja kwa ku zitsa za tsanya, kodzadza, kosadukiza. Ndiye kuti zonsezi zinali pansi pa mwana, usiku uliwonse! Anamunyamula ali m'tulo, namugoneka pa bedi lake, anachotsa mphasa, nagwada ndi mpeni. Asanakumbe anadutsitsa ndodo kuti adziwe malo enieni.

Chete.

Anabwereza. Chete. Dothi lokhalokha. Anaganiza kuti chinthucho chasuntha, chikuyenda pansi pa nyumba. Anaimirira, natembenuka kuti ayang'ane kumbuyo, ndipo potembenukapo mbale ya ndodo inadutsa pamwamba pa bedi. Inakuwa.

Bedi lawo linali la mitengo ndi zingwe, lopanda msomali. Felizarda anayendetsa ndodo pa mapazi a mwana: chete. Pa mutu: chete. Pa mimba.

Anaizimitsa, nakhala pansi. Bakuli lija linali pomwepo pa khoma, lopanda kanthu, ndipo analiyang'ana ngati akuliona koyamba. Linali bakuli la masau. Chiyambire kumuletsa bere, ankamupatsira masau m'menemo kuti aziyamwa akafuna kulira. Masau atatha, iye mwini anaikamo mtovu, ndipo pamwamba penipeni anaika tija tosalala, tofanana ndi njere. Mwana wanjala ya bere ankakwawa mu mdima kupita ku bakuli lake. Ndiye chifukwa chake anasiya kulira.

Anamubereka, natseka ndi mpiringidzo wakunja, nakagogoda kwa Tomásia.

"Kumadre, dzuka. Ukawauze bambo ake akatsika m'bwato kuti tili ku Songo, ku chipatala chachikulu."

"Usiku uno? Wabweranso Bernabé?"

"Sanabwerepo. Zili m'mimba mwa mwana."

Anayenda wapansi mpaka ku msewu, nakwera galimoto yoyamba ya nsomba. Ku chipatala anamujambula Zito, ndipo pa chithunzicho timitovu tinaoneka titaunjikana, toyera ngati mazira a nsomba. Anakhalako masabata, akumumwetsa mankhwala otsuka m'mimba ndi ena otsuka magazi. Tonse timene tinatuluka tinali ndi kamtanda.

Zito anabwerera kwawo wamoyo. Akuyenda, koma mochedwa, ndipo mawu amene ankadziwa ena anamuthawa. Adokotala anati mwina abwerera, mwina ayi. Gaudêncio anakataya timitovuto pakati pa nyanja.

"Ndamva, anameza yekha," anatero Tomásia tsiku lina akutembenuza nsomba pa thandala. "Koma m'bakuli munalinso ting'onoting'ono topanda kamtanda. Anamusankhira ndani mu mdima?"

Felizarda analibe mphamvu ya mafunso otero. Ku matope sanapitenso, koma ndodo sanaigulitse, ngakhale ofuna golide anabwera kudzainyengerera. Usiku uliwonse mwana akagona amaiyatsa, amaiyesa pa supuni, n'kuidutsitsa pang'onopang'ono kuyambira ku mutu mpaka ku mapazi. Imakhala chete.

Ndiye amabwereza.