Dzina pa Chitsulo Chomaliza

Roxanne Pelkey anakumana ndi Tobias pa siteji ya basi pafupi ndi doko la Buffalo, mphepo ikuluma makutu. Mnyamatayo anali wa suti, wogulitsa zipinda za m'nyumba yosanjikizana imene inkamangidwa pomwe kale panali mabwinja a nkhokwe za tirigu.

"Chemwali, zinsapatozi n'zanu kapena mwabwereka kwa bambo anu?"

"N'zanga. Mukuiona kireni yaitali yokweza zitsulo ija? Woyendetsa wake ndine."

"Ndiye ndinu mngelo weniweni, ntchito yake yakumwamba!"

Roxanne anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunamugwetsa m'mbuna. Tobias anali ndi pakamwa potsekemera. Mauthenga ankangogwa pafoni: "Nyenyezi yanga, ndikakweza maso ndimaona iwe wekha." Mtsikana wanji akanalimba mtima?

Amisiri ali ndi mwambo wawo. Chitsulo chomaliza cha nyumba amachipaka utoto woyera, aliyense n'kulembapo dzina, n'kumangirirapo kamtengo ka paini chisanakwezedwe. Apa m'pamene Tobias analumbirira.

"Tsiku limenelo ndidzalemba dzina lako pambali pa langa, likhale pamwamba pa mzinda mpaka kalekale!"

Tsikulo linafika. Roxanne analawirira kukwera m'kachipinda kake ka kireni. Pansi anthu anali mbwee, m'misewu momwe kale munkangoyenda makoswe. Mtima wake unadzaza ndi kunyada. Foni inalira: "Ndalemba, duwa langa."

"Kweza, mwanawe, pang'onopang'ono," anatero pawayilesi Wendell, mkulu wa amisiri. "Anyamata awiri akudikira pamwambapo, usawaponye m'nyanja!"

"Musade nkhawa, madala."

Chitsulo chinakwera chikutembenuka, mpaka mbali yolembedwayo inayang'anizana ndi galasi lake. Roxanne anaona mtima wojambulidwa ndi inki yofiira. M'kati mwake munali maina awiri: Tobias ndi Lorelei. Lorelei, mwana wa mwini nyumbayo!

Maso anachita chidima. Ndiye nyenyezi ija inali ndani? Zinamupweteka zedi, koma chitsulo chinali lende m'malere, ndipo patsogolo pake anthu awiri anali atakhala pamitanda, miyendo ili lendelende. Dzanja likanangonjenjemera, kwawo kukanagwa maliro.

"Roxanne, waimiranji?"

"Ndikupuma, madala. Auzeni akonzeke."

Anapukuta misozi ndi phewa, n'kugwira chiwongolero. Chitsulo chinatsika mwakachetechete n'kukhala m'malo mwake ngati chivindikiro pa botolo. Pansi kunabuka mfuu ndi malikhweru.

"Dzanja limenelo n'lagolide!" anakuwa Wendell.

Atatsika, anapeza Tobias akumudikira kuseri kwa mpanda, kumene Lorelei sakanamuona.

"Nyenyezi yanga, lero wandinyaditsa!"

"Zikomo, bambo. Mumalemba bwino."

Roxanne anamuyang'ana m'maso n'kupitiriza:

"Mumati chikakwera palibe adzawerenge? Munaiwala kuti chilichonse chopita pamwambapo chimadutsa pamaso panga?"

"Tamvera, wokondedwa, zija n'zantchito chabe..."

"Pitani, akukudikirani." Roxanne anavula chipewa chake, n'kuloza nyumbayo. "Sabata yamawa amata khoma, kamtima kanu kakwiririka, ngakhale nkhunda sizidzakaona. Koma nyumbayi aliyense wodutsa padoko aziiona, ndipo waiimika ndine."

Anatembenuka n'kupita kwa anzake, amene anali atamusungira nkhuku yokazinga.