Nthanda ya Maynard

Efelo anadzidzimuka basi itaima pa depoti ya ku Old Town. Mutu wake unali paphewa la mnyamata wovala tayi, malovu atanyowetsa shati yoyera. Manyazi ake!

"Pepani achimwene, sindinachitire dala."

"Musapepese, phewa langa lapeza ntchito lero," anatero mnyamatayo akumwetulira. "Ndine Maynard, kalaliki ku Capital Hill. Tangosamuka kumene kuchokera ku Zomba. Kodi usiku mumatani kuti muziodzera dzuwa lili paliwombo?"

Efelo, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anamuuza zonse. Chigwetsereni mudzi wawo kuti pamangidwe likulu, tulo tinamuthawa. Akati atseke maso, ankamva mathirakitala m'makutu. Usiku maso gwa, masana kusinza. Kusukulu aphunzitsi anamukwapula mpaka kutopa naye, ndipo iye anangosiya.

"Ndiye kuti ndiwe nthanda," anatero Maynard. "Nyenyezi zina zikagona, yokhayo imakhala maso. Nthanda yanga!"

Ndani anamutchulapo dzina lokoma chotero? Kwawo ankangomuti waulesi.

Anayamba kukumana pamlatho Loweruka lililonse. Pakamwa pa Maynard panali uchi wokhawokha.

"Chikuonere iwe, inenso tulo ndilibe. Ukamagubuduka pamphasa, dziwa kuti nanenso ndili maso."

Tsiku lina anabwera nkhope ili khuma.

"Mlongo wanga akudwala ku Zomba, wandisiyira mwana, dzina lake Percy. Amalira mpaka kucha. Ndikaodzeranso kuofesi andichotsa ntchito. Nanga ukwati wathu tidzaumanga ndi chiyani?"

"Ukwati wathu?"

"Eya! Mlongo wanga akangochira, nditumiza ankhoswe. Ndikulumbira, nthanda yanga. Udzagona pabedi ya masipuling'i, ine ndikukuthamangitsira udzudzu."

Mayi a Efelo atamva za ankhoswe anamulola kuti akalere mwanayo. Efelo anamanga kathumba kake, ulendo wa ku Area 18.

Kalanga ine, kamwanako kankalira! Kankafunafuna bere pachifuwa pake, kakalephera n'kumukanda. Efelo ankakabereka n'kumazungulira pabalaza mpaka tambala kulira, miyendo itatupa. Nanga Maynard wosagona uja? Mkonono wake unkagwedeza chitseko chakuchipinda.

"Mumati simugona," anadandaula Efelo m'mawa wina.

"Ndimagona chifukwa uli pafupi, wokondedwa. Iwe ndiye mankhwala anga."

Basi, mtima unasungunuka. Chikondi n'chopusitsa, abale!

Efelo anaonda. Ankaiwala mchere m'ndiwo, nthawi zina ankalira osadziwa chomuliza. Koma Percy anamuzolowera, moti sankatonthola kwa wina aliyense.

Lachisanu lina Maynard akupita kuntchito anamunong'oneza kuti, "Mawa ankhoswe akupita kwanu."

Efelo anatumiza uthenga kwa mayi ake, mtima unakhala pansi. Masana omwewo Efelo anagona pamkeka pakhonde, Percy ali pachifuwa. Mathirakitala a m'makutu aja anali zii. Tulo take tenitenito, toyamba chisamukireni!

Anadzutsidwa ndi nsapato m'nthiti.

Panja panali lole yodzaza mipando. Pamutu pake panaima mayi wovala bwino, wodwala pakati, mimba ili patsogolo. Maynard anali kumbuyo atanyamula sutikesi.

"A Maynard, kadzidzi munkanena uja ndi ameneyu?" anafunsa mayiyo. "Si paja munati sagona? Mwana wanga akudyedwa ndi ntchentche, iye ali fwo-o!"

Efelo anadzuka n'kugwada. "Takulandirani alamu. Mwachira?"

Mayiyo anaseka chikhakhali.

"Alamu? Ine ndine Sophie, mkazi wawo. Sindinadwalepo ine. Nditaima, azakhali anati Percy asiye bere msanga, atalikirane nane mpaka aliiwale. Bambo akewa anati apeza kamtsikana kamene Mulungu anakamana tulo, ndiye n'kuvutikiranji."

Bambo ake? Kadzidzi? Efelo anayang'ana Maynard, akudikira kuti akane. Akane chabe!

Maynard anali kalikiliki kuyang'ana zingwe za nsapato zake.

"A Maynard, ankhoswe aja?"

"Iwe, usandichititse manyazi. Ndinakuthandiza. Kwanu unkangokhala maso pachabe, kuno maso akowo agwirako ntchito."

Misozi inakana kutuluka. Efelo analowa, natenga kathumba kake. Percy atamuona akulowera kugeti anakuwa, akukankha mayi ake ndi timiyendo, manja atatambasulira kwa Efelo. Sophie anamugwedeza, anamuimbira, koma ayi ndithu.

Maynard anathamangira Efelo mpaka kumsewu. Mtsikanayo anaima. Kodi akubwera kudzapepesa?

"Nthanda yanga," ananong'ona, "khala usiku uno wokha. Mayi ake atopa ndi ulendo, ndipo ine mawa ndilawirira."

Efelo anamuyang'ana ndi maso ake ofiira aja.

"Munandilumbirira kuti ndikakhala maso, inunso muli maso. Lero musunge lonjezo lanu."

Anatembenuka, nauyamba wapansi kulowera ku Old Town. Kulira kwa Percy kunamutsatira mpaka pamphambano.

Kwawo anapeza mayi ake akusesa pabwalo, akukonzekera alendo a mawa.