Masupuni Awiri a Chiponde

Msuzi unapserera Phuma ali kubafa. Anausiya pamoto kuti akangosukusula, koma ali komweko anakumbukira yunifolomu yosasita, kenaka nsapato, kenaka tsitsi. Anzake a kusukulu sanalakwitse pomupatsa dzina limeneli. Mtsikanayu ankagwira ntchito zitatu nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri imodzi mwa izo inkawonongeka. Pomwe ankathamangira kukhitchini n'kuti utsi utafika kale pabalaza.

"Mayo ine! Achimwene, tadzukani! Ndapsereza!"

Tsiku limenelo kalabu ya Jogalafe inali ndi phwando kusukulu. Wophunzira aliyense anatola kapepala kolembedwa dzina la dziko, ndipo ankayenera kubwera ndi chakudya chosavuta cha dziko limenelo kuti onse adyere pamodzi. Phuma anatola Itale, nasankha supageti wa msuzi wa tomato. Sabata yonse anakhala akudziguguda pachifuwa kuti mphoto ya wophika bwino ndi yake basi.

Achimwene ake, omwe ankaphika palesitilanti ina m'tauni, anatuluka kuchipinda akuyasamula. Anasuzumira mumpoto n'kupukusa mutu.

"Usapale pansipo. Tsanulira wapamwambayo mumpoto wina."

Phuma anatsanula, nalawa. Unkawawabe utsi.

"Tomato wina alipo?"

"Watha yense. Achimwene, nthawi yathanso!"

"Ndiye tichita zakuntchito kwathu. Msuzi ukapserera timaponyamo kasupuni ka chiponde, fungo lonse limathawa. Ngakhale bwana sadziwa."

Iwo anati kasupuni kamodzi, koma Phuma n'Phuma, anaponyamo masupuni awiri odzaza. Anatakasa, nalawanso. Zodabwitsa! Msuzi uja unakoma kuposa poyamba. Anausakaniza ndi supageti, navundikira mpoto, naumanga pansalu n'kuliyatsa liwiro la kusiteji osathokoza n'komwe.

Anakumbukira za khadi ali mu minibasi, mpoto ukumuwotcha pamiyendo.

Dzulo lake aliyense anapereka kwa aphunzitsi a Jogalafe khadi lolembapo zonse zimene zidzakhale m'chakudya chake. Makhadiwo anabwera chifukwa cha Kachete, mnzake wapamtima wa Phuma, yemwe ankakhala naye desiki imodzi. Thupi la Kachete linkadana ndi mtedza. Chaka chatha anangoluma bisiketi yamtedza, milomo n'kutupa, mpweya n'kuyamba kubanika, mpaka anathamanga naye kuchipatala. Choncho aphunzitsi ananeneratu poyera kuti chakudya chosiyana ndi khadi lake chidzachotsedwa pa mpikisano, popanda zokambirana.

Pakhadi la Phuma panalembedwa supageti, tomato, anyezi, adyo, mafuta ndi mchere. Chiponde panalibe.

Phuma anayamba kulingalira. Akanena, mphoto yapita, ndipo kalasi yonse idziwa kuti katswiri uja anapsereza msuzi. Akapanda kunena... Koma masupuni awiri okha mumpoto wonsewu n'chiyani? Anasuntha mpoto, nausunthanso, mpaka mayi amene anakhala naye pafupi anamuyang'ana ndi diso loipa. Pomatsika anali atapeza nzeru imene iye ankaiona ngati yakuya: sanena kanthu, angoonetsetsa kuti Kachete asayandikire mpoto wake.

Muholo munali kale phokoso. Madesiki anawalumikiza kukhala tebulo lalitali, n'kuyalapo nsalu zoyera. Panali saladi wa ku Girisi wa nkhaka, tomato ndi tchizi, mapeyala opota ndi mandimu a ku Mekisiko, mpunga wokazinga ndi mazira wa ku Tchaina, ndi mulu wa mapanikeke opyapyala a ku Falansa omwe ena anali atang'ambika kale. Kutsogolo kwa mbale iliyonse aphunzitsi anaimika khadi lake.

Kachete anamuchingamira pakhomo.

"Wachedwatu iwe. Ndimati mwina watembenuka nawo mpotowo."

"Ine? Sizingatheke," anatero Phuma, akuseka kuseka kosachokera mumtima.

Anaika mpoto pamalo pake. Atangovundukula, fungo linakoka anthu. Mnyamata wa mapanikeke anaba kachingwe kamodzi ka supageti n'kutsinzina.

"Iii, apa ndiye tagonja. Waikamo chiyani, Phuma?"

"Werenga khadi," anayankha mwachidule.

Aphunzitsi anaomba m'manja, nati aliyense atenge mbale ndi foloko. Mzere unayamba kuyenda. Phuma sanatenge mbale. Maso ake anali pa Kachete, yemwe ankayenda pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, akuwerama pakhadi lililonse, kuliwerenga ndi chala, n'kulibwerezanso. Phuma anamuthamangira.

"Tenga mpunga wa ku Tchainawu, ndi wokoma zedi. Dzaza mbale."

"Ndisiyako malo a supageti wako."

"Aaa, wanga sanakome. Mchere wachuluka."

"Bodza. Anthu onsewa akukanganirana chiyani?"

"Ndiye yamba walawa mapeyalawa. Taona saladiyu. Kapena tikakhale panja, muno mukutentha."

Kachete anamuyang'ana modabwa. "Lero watani kodi? Ukungoti uku, uku, ngati wakhalira nyerere."

Nthawi yomweyo aphunzitsi anaitana. "Phuma, tabwera udzatithandize kunyamula benchi iyi."

Akanakana bwanji? Ananyamula benchiyo khosi litapotokera kumbuyo, mpaka anagunda nayo chitseko. Atayitula n'kutembenuka, anaona Kachete ataima pa mpoto uja. Supageti anali kale m'mbale mwake. Ankamukulunga pafoloko mwachifatse, akumwetulira.

Phuma sanadziwe kuti anadutsa bwanji pakati pa anthu onsewo. Anangomva mawu ake omwe akudzaza holo yonse.

"Usadye! Kachete, usadye!"

Anamenya dzanja la mnzakeyo, foloko n'kugwera pansi, msuzi n'kudonthera pa nsalu yoyera. Onse muholomo anatembenuka.

"Muli chiponde," anatero Phuma. "Ndinapsereza msuzi m'mawa, ndiye ndinaikamo masupuni awiri kuti fungo lichoke. Pakhadipo palibe."

Wina kumbuyo anayamba kuseka, koma anasiya msanga ataona nkhope ya aphunzitsi. Iwo anafika mofulumira, nagwira Kachete pachibwano.

"Walawako? Ngakhale pang'ono?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Pita ukasambe m'manja ndi sopo, pompano."

Kenaka anavundikira mpoto uja, nautenga pamodzi ndi chipande chake, mbale ya Kachete ndi khadi, n'kukaziika pakona. Sanakalipe. Anangoti, "Tikambirana phwando likatha," ndipo kwa Phuma mawu amenewa anawawa kuposa kukalipiridwa.

Za mphoto sanaziganizenso. Anatuluka n'kulondola mnzake kumpopi wa kuseri kwa holo. Anamupeza akupaka sopo kachiwiri. Phuma anaima chapatali. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analibe kothamangira.

"Pepa, Kachete."

Kachete sanatembenuke. "Wakumbukira nthawi yanji?"

Bodza linali pafupi. Akanatha kunena kuti wakumbukira pomwe amanyamula benchi, ndipo palibe akanamutsutsa.

"Mu minibasi."

"Ndiye pakhomo paja, pamene timaseka paja, unkadziwa?"

"Eee. Ndimaganiza kuti ndingokutchingira kuti usafikeko. Ndimaopa kuchotsedwa pa mpikisano."

Kachete anatseka mpopi, napukuta manja pasiketi. M'maso mwake munali misozi, koma mawu ake anatuluka ofatsa ngati kale.

"Ukudziwa, makhadi onse aja ndawawerenga kawiri. Amayi anandiuza kuti ndisakhulupirire mbale ya munthu aliyense." Anamuyang'ana Phuma m'maso. "Lako lokha ndi limene sindinawerenge. Ndinangoti ndi cha Phuma."

Anamudutsa n'kubwerera muholo. Phuma anatsala pampopi paja, manyazi atamugwira mpaka kumapazi, akumva mafoloko akulira m'mbale za anzake.