Mwatichani Aboola Masiki ya Amayi

Uyu ndi Mwatichani. Si dzina lake lenileni ayi. Anamupatsa ndi achimwene ake. Paja munthu akamuyankhula, iye amangoti, "Mwati chani?"

Mwatichani ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumva mawu a amayi ake.

Khutu lake linali lovuta. Chimfine chikabwera, khutu linkapweteka. Linkapweteka, linkatuluka mafinya, linkapola. Akapita kusukulu ya mkaka, ankatengako chimfine china. Khutu linkayambiranso. Mawu ankamveka ngati akuchokera pansi pa bulangete.

Koma mtsikanayu anali ndi nzeru zake. Ankayang'ana pakamwa pa munthu. Milomo ikamayenda, ankadziwa zimene akunena.

Kenako kunagwa mliri. Sukulu inatsekedwa. Geti linatsekedwa. Pakamwa pa anthu panatsekedwanso. Aliyense anavala masiki.

Amayi ankachapa nsalu za odwala kuchipatala. Ntchito yawo sinaime. Ankaopa kubweretsa matenda kunyumba. Anayamba kugona m'kachipinda kosungira katundu. Ankadya okha. Ankaima patali, masiki ili kukamwa.

Madzulo amayi anaima pakhomo. Masiki inagwedera.

"Mwati chani?" anafunsa Mwatichani.

Masiki inagwederanso.

"Mwati chani, amayi?"

Amayi anakweza mawu. Iye anangomva wuu, wuu. Anathamanga kuti akawagwire. Amayi anabwerera m'mbuyo. Anatseka chitseko akulira.

Mwatichani anakhala pansi pafupi ndi chitsekocho. Anagunditsa khutu. Sanamve kanthu. Anagunditsa khutu linalo. Sanamvenso kanthu. Mtima unamuwawa kuposa khutu.

Mawa lake zinali zomwezo. Mkuja wake zomwezo. Mwatichani anasiya kufunsa. Anasiya kusewera. Achimwene anamupangira nkhope zoseketsa. Iye sanaseke.

Masiku anapita. Chimfine sichinabwere. Pilo wake sanadenso ndi mafinya.

Ababa anamuyang'ana m'khutu. Anavula masiki kuti awaone pakamwa.

"Lauma, mwanangu," anatero. "Kukhala pakhomo kwakuthandiza. Kumva kubwera pang'onopang'ono."

Mwatichani sanasangalale. Pang'onopang'ono ndi liti? Iye ankafuna amayi lero.

Ababa anali telala. Ankasoka mamasiki tsiku lonse. Sizasi yawo inkakhala pambali pa makina.

Tsiku lina amayi anayanika masiki yawo pachingwe. Anapita kuntchito atavala ina. Mwatichani anakwera pampando. Anayanula masikiyo. Anatenga sizasi ya ababa. Kwee! Kwee! Anaboola pakati penipeni.

Ababa anatulukira.

"Iwe! Manja akukuyabwa eti?" anakalipa. "Ukufuna amayi ako adwale?"

Mwatichani anaona milomo yawo. Mawu onsewo anawamva. Sizasi inagwa pansi. Mtsikanayo analira mosisima.

"Ayi, ababa. Ndikufuna pakamwa pa amayi. Sindikuwamva. Mwina anasiya kundikonda, ine osadziwa."

Ababa anatola masikiyo. Anayang'ana bowo lija. Anayang'ana mwana. Mkwiyo wonse unathera pomwepo.

"Bweretsa buku lako lakusukulu lija," ababa anauza achimwene.

Bukulo linali lokutidwa ndi pulasitiki yoonekera. Ababa anaisenda.

"Ababa, buku langa likhala maliseche?"

"Sukulu njotseka. Alione ndani?"

Ababa anatsuka pulasitiki ndi sopo. Anaidula bwinobwino. Anaisokera pabowo. Anasoka kawiri kuti mpweya usadutse.

Madzulo amayi anafika atatopa. Anapeza masikiyo pachogwirira cha chitseko. Anaitembenuza uku ndi uku. Anaivala. Anaima pakhomo, patali ngati kale.

Pulasitiki inachita nthunzi. Pakamwa sipanaoneke. Mwatichani anayang'anitsitsa.

Amayi anapuma pang'onopang'ono. Nthunzi inachoka. Milomo ija! Mano aja! Kagwelu kaja!

"Ndakusowa, mwanangu," anatero amayi.

"Mwati chani?"

Achimwene anagwira mutu. "Ababa, zakanika. Buku langa lavutika chabe."

Mwatichani anapukusa mutu. Maso ake sanachoke pakamwa pa amayi.

"Ndamva," anatero. "Ndikungofuna anenenso."

Amayi ananenanso. Ananenanso. Ananenanso mpaka chakudya chinazizira patebulo.