Anaba Mankhwala a Bambo Ake Kuti Ayere

M'nyumba mwa atelala munali mtendere. Makina osokera ankalira kuyambira m'mawa, ana onse anayi ankavala zooneka, ndipo Lamlungu banja lonse linkadzaza benchi imodzi kutchalitchi. Chovuta chinali manja a bambowo. Chikanga chinkawang'amba zala mpaka kutuluka magazi.

Adokotala atawalembera mankhwala opaka a m'kachubu, atelala anasonkhanitsa ana awo.

"Ati ndi amphamvu awa. Ndizipaka pang'ono, podwala pokha, masabata awiri, kenako ndikaonekerenso. Kumaso ayi, kubwereka munthu ayi. Wowagwira aona zakuda."

Mwana wotsiriza, yemwe onse ankangomutchula kuti Mzime, analinso pomwepo. Mtsikanayu ankaphunzira kuluka tsitsi pasaluni ya mayi wina wapakamwa, wodziwika kuti Madamu.

"Iwe, nkhope ngati kunsi kwa poto imeneyi, makasitomala ungawakope?" Madamu ankamutero tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina Mzime anatchulako za kachubu kaja. Madamu anaomba m'manja.

"Chuma chili m'nyumba, iwe n'kumagona! Anzako onse oyerawa amapaka omwewo. Finya pang'ono, mdalayo adziwa bwanji?"

Anafinyadi. Patatha sabata nkhope inasalala, n'kuyamba kuyera. Anyamata apamsewu anayamba kumuimbira likhweru. Sabata yachiwiri anangotenga kachubu konse.

Atelala anafunafuna mpaka pansi pa makina, osakapeza. Zala zinang'ambikanso, ndipo magazi anadonthera pa diresi loyera la kasitomala. Mwini diresiyo anawalalatira pakhomo anthu akuonerera.

Madzulo ake amayi anamuyang'anitsitsa Mzime.

"Nkhope yakoyi yayera ndi chiyani?"

"Ndi sopo, Amayi. Kodi munthu asasambe?"

"Usandiyankhe ngati mnzako! Ngati ndi mankhwala a bambo ako, siya lero. Chakomachakoma pusi anagwa chagada."

"Ndiye mwandiyesa wakuba?" Anamenyetsa chitseko.

Bambo ake atakatenga kachubu kena, nakonso kanasowa. Katatha, Madamu anamupezera mankhwala ena a m'chikwama, opanda ndi pepala lomwe. Mzime anapaka m'mawa ndi madzulo kwa miyezi inayi.

Kenako khungu linapyapyala. Timitsempha tinayamba kuonekera m'masaya, ziphuphu zinabuka mpaka m'khosi, ndipo dzuwa likangomuomba ankamva ngati wapakidwa tsabola. Mwamantha anasiya kupaka, koma nkhope inatupa n'kuyamba kusupuka. Anathamangira kusaluni atadziphimba ndi mpango.

"Madamu, taonani! Nditani?"

"Choka pano, undithamangitsira makasitomala! Ndinakupaka ndine? Usabwerenso."

Amayi ake anamukokera kuchipatala. Adokotala atamuona anagwetsa nkhope.

"Wakhala ukupaka chiyani? Anakulembera ndani?"

Mzime anaulula zonse akulira.

"Khungu la kumaso si lokhwima ngati la m'manja," anatero adokotala. "Mankhwala amene amachiza zala za bambo ako pamasabata awiri, iwe wawotcha nawo nkhope miyezi inayi. Tiyesetsa, koma zitenga nthawi, ndipo mabanga ena sadzachoka."

Atafika kunyumba, Mzime anagwada pafupi ndi makina. Atelala anapitiriza kusoka kwa kanthawi, kenako anaimitsa phazi.

"Ine ndikukha magazi pansalu za eni, iwe n'kumandipatsa moni mankhwala anga ali kumaso kwako?"

"Ndalakwa, Bambo. Ndikhululukireni."

"Dzuka. Ine ndakhululuka. Koma khungu lakolo silimva kupepesa."

Mzime anachira pang'onopang'ono. Lero amathandiza bambo ake kusoka mabatani, ndipo akatuluka panja amavala chipewa chachikulu. Masaya ake anatsala amawangamawanga.

Inu achinyamata, imvani: mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi a munthu mmodzi, a nthenda imodzi, a masiku owerengeka. Musawabe, musawabwereke, musadzole kuti muyere. Wokunyengani adzakukanani masanasana, ndipo zipsera mudzayenda nazo nokha.