Kalata Yosowa Woilandira

Mtsuko unapulumuka m'manja mwa Asella n'kuphwanyika pamiyala ya mumsewu. Mtsikanayo anangoima n'kumayang'ana madzi amene anachoka nawo kutali kumtsinje akulowerera m'ming'alu.

"Ukuthirira msewu kuti umere tirigu?" anafunsa Sunilda, mnzake wa Chigoti, mtundu wobwera umene unakhazikika pakati pa Aroma, akutula mtsuko wake. "Tiye tigawane angawa. Koma ukawauze bambo ako kuti makalata satunga madzi."

Panali patatha zaka ziwiri chitsime cha pabwalo la tauni chili chouma. Ngalande ya miyala imene makolo anamanga kuti izitsitsa madzi kuchokera kumapiri inali itagumuka. A Donatus, bambo ake a Asella, ndiwo anali oyang'anira madzi, ndipo anali atalemba kale makalata atatu opita ku Ravenna, kumene mfumu ya Aroma inkakhala, kupempha amisiri.

Masana amenewo Asella anawapeza akudya buledi ndi maolivi.

"Bambo, a Gudila, bambo ake a Sunilda, akuti akupadziwa pamene pagumuka. Ankamanga milatho ali msilikali."

"Mgoti akonze ngalande ya Aroma?" anatero a Donatus. "Anthu odzola batala kumutu? Ntchito ya boma imagwiridwa ndi boma, mwana wanga. Roma amachedwa koma saiwala."

"Kalata yoyamba ija munalembera mfumu iti?"

"Ija anaichotsa pampando n'kuisandutsa bishopu."

"Nanga yachiwiri?"

"Inathawa kuwoloka nyanja. Bwanji, wasanduka woweruza milandu? Idya."

Asella anabisa kuseka kwake m'kapu.

Patapita masiku anayi, wamalonda wa mafuta amene anatenga kalata yachitatu anabwerera pabulu wake. Anapeza a Donatus pabwalo n'kuwabwezera kalatayo isanamatulidwe.

"Kulibe woilandira, bwana," anatero. "Mkulu wa asilikali wachotsa kamnyamata kanali mfumu kaja, wakatumiza kumudzi kukadya mphesa. Zovala zachifumu azitumiza kwa mfumu ina ya Aroma ija ya kum'mawa. Akuti kuno sikufunikanso ina."

A Donatus anakhala pansi m'mphepete mwa chitsime choumacho, kalata ili m'manja. Pabwalo malonda ankapitirira ngati sipanachitike kanthu. Mayi wina ankakanganabe ndi wogulitsa anyezi. Asella anachita mantha poona nkhope ya bambo ake, ndipo anathamanga kukaitana a Gudila.

A Gudila anabwera akutsimphina, munthu wamtali wa imvi, n'kukhala pambali pa a Donatus osapempha.

"Mwakondwatu anthu inu," anatero a Donatus osawayang'ana. "Mwaugwetsa ufumu wa Roma."

"Ndinanyamula chishango cha Aroma zaka makumi awiri, bambo," anayankha a Gudila. "Mwendo uwu anaulasa ndi Mroma, pamene akuluakulu awiri ankalimbirana mpando. Nkhondo zambiri zimene ndinamenya zinali za Aroma okhaokha. Ife tikumenyana m'kati, kumalire kunalibe mlonda. Africa, kumene kunkachokera tirigu wa Roma, anapita choncho. Alimi anathawa minda chifukwa cha msonkho, olemera anadzitsekera m'mipanda yawo, ana awo osafuna n'kugwira mkondo komwe. Nyumbayi inadyedwa kale ndi chiswe. Ife tinangotsamira chitseko."

A Donatus anayang'ana Asella, amene mapewa ake anali atasupuka ndi mitsuko. Kenako anapinda kalata ija n'kuilowetsa m'lamba.

"Pagumukapo ndi patali bwanji?"

"Ndi mkanjo wanu wolemerawo, masiku awiri," anatero a Gudila. "Mukauvula, theka la tsiku."

M'mawa mwake tauni yonse inatuluka kudzaona a Donatus atavala malaya aafupi, miyendo yawo yoyera ngati mkaka ili pamtunda, khasu lili paphewa. Anthu anaseka, koma amuna khumi ndi awiri anawatsatira. Tsiku lachitatu analipo makumi anayi.

A Gudila ankadziwa kukweza miyala ikuluikulu ndi zingwe. A Donatus anapeza m'bokosi la agogo awo malangizo a kasakanizidwe ka laimu ndi njerwa zoperapera, kamene madzi sakapyola. Awiriwo ankakangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kumwera vinyo m'chikho chimodzi. Asella ndi Sunilda ankatuta mchenga ndi atsikana anzawo, akuphunzitsana nyimbo zachipongwe m'zinenero zonse ziwiri.

Tsiku la khumi ndi chimodzi anthu anadzaza pabwalo. Poyamba m'kamwa mwa chitsime munamveka kutsokomola. Munatuluka matope, kenako chule mmodzi wodabwa kwambiri, kenako madzi oyera akuthamanga. Ana anadumphiramo ndi zovala zomwe. Wophika buledi anagawa mtanga wonse ulere, ndipo atsikana awiri aja anagwirizana n'kukankhira abambo awo m'madzi. A Donatus anavuuka ndevu zikuchucha, akuseka mpaka kutsamwa.

Phokoso litachepa, wosema miyala anabwera ndi nyundo yake. Unali mwambo kuti ntchito ya madzi ikatha, pamwala pazilembedwa dzina la mfumu.

"Tilembepo mfumu iti, bwana?" anafunsa.

A Donatus anafinya malaya awo.

"Mwalawo ndi waukulu bwanji?"

"Ndi waukulu ndithu."

"Lembanipo aliyense amene ananyamula kanthu kuphiri kuja. Muyambe ndi a Gudila."

Wosemayo anagogoda sabata zitatu, akudandaula kuti mayina a Chigoti amuthera nyundo. Mayina a Asella ndi Sunilda anakwana pansi penipeni, moyandikana, pamene madzi amawaza tsiku lonse.